Pulogalamu ndi yaulere, koma dzina la mlembi silifafanizidwa

Anthu ambiri amene ali ndi foni ya Android sadziwa kuti mkati mwake muli tsamba lalitali lodzaza ndi maina a anthu ndi makampani. Tsambali limapezeka m'gawo lokonzera foni, pansi pa nkhani za malamulo. Opanga mafoni saika mainawo cifukwa ca ulemu cabe. Amakakamizidwa kutero, pakuti mbali yaikulu ya mapulogalamu oyendetsa foniyo inalembedwa ndi anthu ena amene anaipereka kwaulere, koma ndi mfundo zoyenera kutsatidwa.

Mapulogalamu otere amachedwa open source. Mwini wake amaika poyera malangizo onse amene analemba popanga pulogalamuyo, ndipo amalola aliyense kuikopera, kuisintha, kuigawira ena ngakhalenso kuigulitsa. Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland anayamba kulemba mu 1991, ili m'gulu limeneli, ndipo Android inamangidwa pa iyo. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo muno m'Zambia umagwiritsa nchito posonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala, nayonso ndi ya open source, ndipo imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway.

Koma cinthu caulere sicikhala copanda mwini. Malinga ndi pangano la Berne la mu 1886, limene dziko la Zambia linalowamo mu 1992, munthu akangolemba cinthu cake amakhala ndi ufulu wa umwini, wochedwa copyright, popanda kukalembetsa ku ofesi iliyonse. Lamulo la dziko lino la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994 limachula mapulogalamu a pakompyuta pakati pa zinthu zotetezedwa. Motero pulogalamu imene yaikidwa pa intaneti popanda laisensi siili yomasuka kuti aliyense aitenge. Cimene cimatsegula khomo ndi laisensi, ndiyo kalata imene mwini wake amanenamo zimene walola ndi zimene akufuna.

Tingayerekeze ndi munda wobwereka. Mwini munda anganene kuti limani, kololani, musandilipire kanthu, koma musazule zikhomo za m'malire. Wobwerekayo akazula zikhomozo sangadziteteze ponena kuti mundawo unali waulere.

Malaisensi odziwika ali m'magulu awiri. Laisensi ya MIT ndi ya BSD ndi yaifupi ndipo imafuna zocepa: mzere wonena caka ndi dzina la mwini wake, pamodzi ndi mau a laisensiyo, zizipita kulikonse kumene pulogalamuyo yapita. Laisensi ya GPL, imene Richard Stallman anatulutsa koyamba mu 1989 ndipo inakonzedwanso mu 1991 ndi mu 2007, imaonjezera mfundo ina: amene wasintha pulogalamu ndi kuigawira ena ayenera kuonetsa malangizo ake pansi pa laisensi imodzimodziyo. M'magulu onsewa, kusunga dzina la mlembi ndi udindo wa aliyense wogawira ena.

Kwa zaka zambiri panali funso lakuti kodi khoti lingalange munthu wophwanya mfundo za cinthu cimene sicigulitsidwa. Yankho linacokera ku mlandu wa masitima a zidole ku United States. Bambo Robert Jacobsen, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya California ku Berkeley, anali kutsogolera gulu la JMRI, limene limalemba mapulogalamu oyendetsera timasitima toseweretsa kudzera pa kompyuta. Gululo linapereka nchito yake pansi pa laisensi yochedwa Artistic License.

Kampani ya Bambo Matthew Katzer, imene inali kugulitsa pulogalamu yogwira nchito yofanana, inatenga mafaelo ena a JMRI ndi kuwalowetsa m'malonda ake. M'mafaelowo munalibenso maina a alembi, mizere ya copyright, mau osonyeza kumene anacokera, kapena cizindikiro ca zimene zinasinthidwa. Zonsezi laisensi inali kuzifuna.

Mlanduwo unayamba mu 2006. Mu 2007 khoti loyamba linakana pempho la Bambo Jacobsen lakuti kampaniyo iletsedwe. Linaona nkhaniyo monga kuswa pangano cabe, osati kuphwanya copyright. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kwakukulu. Woswa pangano kawirikawiri amalamulidwa kubweza ndalama zimene mnzake wataya, ndipo pa cinthu caulere ndalamazo n'zovuta kuziwerenga. Wophwanya copyright angalamulidwe kuleka kugawa katunduyo.

Mu Ogasiti 2008 khoti la apilo la Federal Circuit linasintha cigamulo cimeneco. Oweruza anayang'ana mau awiri a Cingelezi a m'laisensiyo, akuti "provided that", amene m'Cinyanja tinganene kuti "pokhapokha ngati". Iwo anati mau amenewa amasonyeza kuti cilolezo caperekedwa kwa okhawo osunga mfundozo. Amene sanazisunge ali kunja kwa cilolezo, ndipo kukopera kwake kungakhale kuphwanya copyright. Oweruzawo anaonjezera kuti kusalipiritsa ndalama sikutanthauza kuti mlembi sapindula kanthu, pakuti mbiri yake imakula, ndipo anthu oona dzina lake amabwera kudzathandiza kukonza pulogalamuyo. Mu Febuluwale 2010 mbali ziwirizo zinagwirizana kuti Bambo Katzer alipire madola 100,000 ndi kuleka kugwiritsa nchito mafaelo a JMRI.

Cigamuloco n'ca khoti la ku America ndipo sicimanga makhoti a maiko ena, koma cimachulidwa kwambiri cifukwa cinasonyeza kuti mau ocepa a m'laisensi ali ndi mphamvu.

Mau angavutitsenso ngakhale amene anawalemba ndi colinga cabwino. Laisensi yoyamba ya BSD inali ndi ndime yolamula kuti cilengezo ciliconse ca malonda cochula pulogalamuyo cizithokoza yunivesite ya California. Alembi ena anakopera ndimeyo ndi kuikapo maina ao. Bambo Stallman ananena kuti m'pulogalamu ya NetBSD ya mu 1997 anawerengamo mizere yothokoza yokwana 75, yoti ikanafuna cilengezo ca tsamba lathunthu. Mu Julayi 1999 yunivesiteyo inacotsa ndimeyo. Udindo wosunga dzina la mwini m'pulogalamu unatsala.

Citsanzo cina n'ca Douglas Crockford, amene mu 2002 anatenga laisensi ya MIT ndi kuonjezerapo ciganizo cimodzi cakuti pulogalamu yake igwiritsidwe nchito pa zabwino, osati pa zoipa. Ciganizoco cimamveka cokoma, koma maloya anafunsa kuti ndani adzagamula cabwino ndi coipa. Gulu la Debian limaona laisensi imeneyo kuti si yaufulu, ndipo bungwe la Apache linaletsa mu 2016 kuigwiritsa nchito m'mapulogalamu ake. N'cifukwa cake akatswiri amalangiza kutenga laisensi yodziwika monga momwe ilili, popanda kuisintha kapena kudzilembera yatsopano.

Kwa wophunzira, kampani yaing'ono kapena ofesi ya boma yomwe ikugwiritsa nchito mapulogalamu otere, zoyenera kucita n'zocepa. Coyamba, werengani faelo ya laisensi musanakopere kanthu. Caciwiri, siyani mzere wa copyright monga munaupezera. Ngati mwaonjezera nchito yanu, lembani dzina lanu ndi caka pa mzere wina, osati m'malo mwa dzina la mnzanu. Cacitatu, ngati laisensi ikufuna kuti zosintha zisonyezedwe, monga imafunira ya GPL ndi ya Apache ya mu 2004, lembani zimene mwasintha. Cacinai, amene wapatsidwa nchito yolemba pulogalamu agwirizane ndi womulemba nchito kuti pa mzerewo padzakhala dzina la ndani, pakuti m'maiko ambiri zolembedwa pa nchito zimakhala za kampani.

Kugwiritsa nchito pulogalamu ya open source pa kompyuta yanu nokha sikubweretsa udindo wotere. Udindowo umayamba pamene mwaipereka kwa wina, kaya mwagulitsa kapena mwangogawa. Wogula pulogalamu kwa kampani alinso ndi ufulu wofunsa kuti muli mbali ziti za open source ndipo malaisensi ake ali kuti, cifukwa katundu wocotsedwa maina angaletsedwe ndi khoti ali kale pa nchito.

Mlembi wopereka nchito yake kwaulere sapempha ndalama. Cimene amasunga ndi mzere umodzi wa dzina lake ndi mau ocepa a laisensi, ndipo amene watenga nchitoyo amayembekezeredwa kuzisiya pamene anazipeza.