Kasanka si Manda Hill, konzekerani

Mnzanu uja wa ku Kabwata wanena kale kuti "tiyeni ku Kasanka pa weekend", koma sanafunse ngakhale za basi. Mwandi, imvani kaye.

Kasanka National Park ili m'boma la Chitambo, makilomita oposa 500 kuchokera ku Lusaka. Mumakwera basi ya ku Mansa pa Intercity, kudutsa Kabwe, Kapiri Mposhi ndi Serenje. Basi imakusiyani pa geti chabe, pomwe malo ogona ali mkati ndithu. Choncho panganani msanga ndi a pa lodge kuti adzakutengeni, apo ayi mudzagona pa msewu.

Kuyambira kumapeto kwa October mpaka December, mileme mamiliyoni imasonkhana m'kankhalango kakang'ono ka mushitu. Imatuluka dzuwa likamalowa ndi kubwerera mbandakucha. Mukafika usiku, mwaphonya zamadzulo. Nyamukani Lachisanu, mubwerere Lamlungu.

Musayende nokha m'thengo. Muli njovu, mvuu ndi ng'ona. Pemphani scout wa mfuti akuperekezeni. Miyezi imeneyi mvula imayamba, ndiye tengani raincoat, madzi akumwa, mankhwala a udzudzu ndi nsapato zolimba. Ma sneaker oyera aja asiyeni ku nyumba.