Mtsinje wa m'nyanja ukafooka, madzi amakwera kugombe

Madzi a m'nyanja ya mchere sakhala ofanana msinkhu paliponse ngati a m'beseni: kwina amakhala okwera, kwina otsika. Chimodzi mwa zochititsa zimenezi ndi mitsinje ikuluikulu yoyenda m'kati mwa nyanja momwemo. Wodziwika kwambiri ndi Gulf Stream wa m'nyanja ya Atlantic, umene umadutsa pakati pa Florida ndi zilumba za Bahamas, n'kutsata gombe la kum'mawa kwa United States mpaka ku Cape Hatteras, komwe umakhota kulunjika ku Ulaya. Ku Florida, mtsinjewu umanyamula madzi pafupifupi makiyubiki mita 30 miliyoni pa sekondi.

Popeza dziko limazungulira, madzi oyenda m'nyanja za kumpoto amakankhidwira kudzanja lamanja. Gulf Stream imalowera kumpoto, choncho madzi ake amaunjikana kum'mawa, kutali ndi mtunda. Kumeneko nyanja imakhala yokwera ndi pafupifupi mita imodzi poyerekeza ndi kugombe. Liwiro likachuluka, kusiyanaku kumakula. Likachepa, madzi ounjikana aja amabwerera kumtunda, ndipo nyanja imakwera m'madoko ngakhale kulibe mvula.

Zoterezi zinaoneka mu 2009 ndi 2010. Kayendedwe ka madzi a Atlantic, komwe Gulf Stream ndi mbali yake, kanafooka ndi pafupifupi 30 peresenti, mphepo nayo inasintha, ndipo kugombe la kumpoto kwa New York nyanja inakwera ndi masentimita pafupifupi 13 m'zaka ziwirizo. Ku Norfolk, m'chigawo cha Virginia, vutoli limakula chifukwa nthaka yakumeneko ikutitimira, moti misewu ina imasefukira dzuwa likuwala.

Mphepo ndi anamondwe amatha kufooketsa mtsinjewu kwa masiku kapena masabata. Chodetsa nkhawa akatswiri ndi kufooka kokhalitsa. Kumpoto kwa Atlantic madzi ozizira ndi amchere wambiri amamira, n'kusiyira malo madzi ofunda ochokera kum'mwera. Madzi oundana a ku Greenland akamasungunuka amachepetsa mcherewo, kumira kuja n'kuyamba kuchedwa, zimene zingafooketse kayendedwe ka madziwo.

N'chifukwa chake mphamvu ya mtsinjewu yakhala ikuyezedwa: kuyezaku kunayamba mu 1982 pogwiritsa ntchito nthambo yoyalidwa pansi pa nyanja pakati pa Florida ndi Bahamas, ndipo kuyambira mu 2004 kumachitikanso pogwiritsa ntchito zipangizo za pulogalamu ya RAPID zimene zinamangidwa modutsa Atlantic yonse.