Malasha ali pansi pa nthaka yathu, ku Moatize anawakumba kale

Ku Fíngoè munthu akanena za makala, amanena za mitengo yotenthedwa mu uvuni. Koma alipo makala ena a mwala, malasha, amene agona pansi kumpoto kwa nyanja ya Cahora Bassa, m'dera la mitsinje ya Mucanha ndi Vuzi. Mgodi waukulu sunafike kumeneko. Abale athu a ku Moatize ndiwo anaona kale zimene mgodi wotere umachita.

Kampani ya Vale inayamba kukumba ku Moatize mu 2011. Malasha a kumeneko amakumbidwa poyera: amasenda dothi lonse la pamwamba, kuphulitsa miyala, n'kusiya dzenje lalikulu kuposa mudzi. Mabanja opitirira 700 anawasamutsira ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Nyumba za malata anazipeza, koma minda yambiri inali ya miyala, chimanga osabereka. Oumba njerwa anataya dongo lawo. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji yodutsa malasha, kudandaula za zimenezi.

Za madzi ndiye zowawa kwambiri. Anthu a ku Capanga ankamwa ndi kuthirira madimba m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè. Mgodi wa Benga utabwera, anawapititsa ku Mwaladzi, kouma, kumene nthawi ina madzi ankachita kubwera pa galimoto. Mayi amene anakula akutunga pakhomo anayamba kudikira thanki ndi ndowa m'manja.

Ndipo malasha sawononga pamene akumbidwa pokha. Miyala yotayidwa imatha kukhala ndi sulufule. Ikakumana ndi mpweya ndi mvula imatulutsa madzi a asidi, amene amasungunula zitsulo n'kuzitengera m'zitsime ndi m'mitsinje, ngakhale mgodi utatsekedwa. Kuno mitsinje imathira m'nyanja momwe muli kapenta ndi nsomba zathu.

Fumbi nalo silidziwa mpanda. Amayi a ku Bagamoyo, ku Moatize, akayanika ufa panja ankaupeza utada. Mu Okutobala 2018 anthu a kumeneko analowa mu mgodi n'kuimitsa makina. Vale inagulitsa mgodiwo kwa Vulcan mu 2022, maenje anatsala.

Lamulo la Malo la 1997 limati mudzi ufunsidwe kaye kampani isanapatsidwe malo. Pa msonkhano wotero anyakwawa angathe kupempha kukaponda okha munda wolonjezedwawo, khasu lili m'manja, ndi kukaona chitsime chake mu Okutobala, osati nthawi ya mvula.