Oyeza Magazi a M'mphepete mwa Nyanja

Chiyambire chaka cha 1881, pamene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe kuchokera ku Cape Maclear, anthu a kugombe la Nkhata Bay akhala akuchitira ulemu dokotala ndi namwino, koma alipo antchito ena amene odwala sawadziwa maina kapena nkhope, ngakhale kuti mawu awo ndiwo amadula mlandu wa nthenda, ndipo amenewa ndi oyeza magazi, amene anthu amangoti "a ku labu."

Ambiri a iwo anasulidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe kapena ku Malamulo m'boma la Thyolo, ndipo salowa ntchito asanalembedwe m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Komabe mutu umodzi susenza denga. Malungo amayezedwa pompopompo pa Kande, pa Mpamba ndi ku Usisya. Koma magazi oonera kuchuluka kwa kachirombo ka HIV mwa munthu womwa ma ARV, kapena oyezera khanda la masabata 6, amayenda ulendo, kuchoka m'manja mwa amene anawatenga, kulowa m'bokosi la wanjinga yamoto wa bungwe la Riders for Health, kutsata msewu wa M5 kufikira kuchipatala cha boma ku Mkondezi, ena n'kukwera mapiri kunka ku Mzuzu.

Tsono taonani woyeza uja atakhala patebulo pake. Anyamula kabotolo ka chivindikiro chofiirira, akayang'ana pakuwala, napeza kuti magazi aundana, pakuti wowatenga sanakatembenuze mofatsa kuti asakanikirane ndi mankhwala a m'katimo. M'kabotolo kena magazi aperewera; m'kena aphwanyika chifukwa chokhutchumulidwa kapena kufundidwa m'njira; pakena dzina lolembedwa lasiyana ndi la pafomu. Atenganso kakhadi ka timizere tisanu tozungulira, kodonthezerapo magazi a kuchidendene cha khanda, kamene kayenera kuuma pamthunzi maola osachepera 3 kasanalowe m'kathumba. Koma popeza dera lino n'lamvula ndi chinyontho, kakaikidwa kali kakawisi kamafika katachita nkhungu. Zonsezi woyeza azikana, nalemba chifukwa chake m'buku.

Kukana kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo woulipira ndi wosalakwa. Mayi wa ku Usisya, kumene njira ya kumtunda ndi yotsetsereka moopsa ndipo ya panyanja imadalira chifundo cha mwera, akabwera ndi mwana kumsana kudzamva zotsatira, nauzidwa kuti "Mayi, magazi aja anaonongeka, titengenso ena," amabwerera ndi mtima wolemera, khanda lake likudikira mankhwala amene likanayamba kale. Msodzi wa ku Chintheche amene anasiya chilimira chake tsiku lathunthu mwina sabweranso, napitiriza kumwa ma ARV amene, kuchuluka kwa kachirombo kukanapezeka kuti kwapyola 1,000, madokotala akanayamba kuunika ngati akumuthandizabe.

Pamenepa ena amati a ku labu ngouma mtima. Koma indetu wakutsina khutu ndi mnansi. Woyeza amene angalandire magazi oundana, kapena a dzina lokayikitsa, pofuna kukondweretsa anzake, adzatulutsa umboni wonama, ndipo wodwala adzapatsidwa mankhwala a nthenda ya mnzake, kapena kuthiridwa magazi osagwirizana ndi ake, chimene chingatengere munthu kumanda.

Chifukwa chake chilema ichi tisachifunefune pakhomo la labu, koma kumene singano imayambira kubaya. Wotenga magazi alembe dzina wodwala akali pamaso pake. Akuluakulu asalole kuti timabotolo, timakhadi ndi mabokosi ozizira zisowe m'zipatala zazing'ono. Ndipo woyeza akakana magazi, aimbe lamya tsiku lomwelo, kuti mlangizi wa zaumoyo akamufune wodwalayo kumudzi sabata isanathe.