Kalasi ya Pansi pa Mtondo ku Njombwa

Mwana wa kwa Mfumu Yaikulu Njombwa ku Kasungu amadziwa bwino ntchito ya fodya. Amadziwa kuti chigafa cha fodya wa bale chimafuna mizati ndi mitanda, ndipo fodya wochita kuwamba ndi moto amatha nkhuni zambiri asanafike ku okushoni ya Chinkhoma. Chomwe ambiri saphunzitsidwa mokwanira n'chakuti mitengo yogwetsedwayo imabwerera bwanji. Phunziro limeneli silimveka pa bolodi. Limafuna mphunzitsi wotulutsa ana panja.

Sipafunika galimoto. Kathengo ka kuseri kwa sukulu kapena nkhalango ya m'mudzi n'zokwanira. Ana ayambe ndi kutchula mayina: mombo, mtondo, msuku, mlombwa. Kenaka afukule pang'ono pansi pa masamba ouma, aone chinyontho, chiswe ndi timizu toyera ta bowa. Apa m'pomwe pagona nkhani. Bowa monga manyame amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo ya miombo: mtengo umapatsa bowa chakudya, bowa n'kumathandiza mtengowo kumwa madzi ndi michere ya m'nthaka. N'chifukwa chake mayi wofuna manyame sapita m'munda wa bulugamu. Matondo nawonso amadya masamba a mitengo yachilengedwe yomweyi. Mwana akamvetsa kuti nkhwangwa ikugwetsa mtengo pamodzi ndi ndiwo zake, safunanso kumukakamiza kuloweza.

Chitsa nacho ndi mphunzitsi. Mitengo ya miombo ikadulidwa, mizu imatsala yamoyo ndipo imatulutsa mphukira. Ana angaphunzire kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, kusadza zotsalazo, n'kumayeza msinkhu wake teremu iliyonse. Ndi sayansi, ndi masamu, komanso n'kubwezeretsa nkhalango popanda kugula mbande.

Chaka chilichonse dziko lino limakhala ndi nyengo yodzala mitengo kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo ana a sukulu ndiwo amanyamula machubu. Koma mbande zochuluka zimafa ndi mbuzi, chiswe ndi moto wolusa wa mu Okutobala, popeza mwambo wodzala mitengo ukatha palibe wobwererako. Kulambula njira zotchinga moto, komanso kutentha tchire msanga udzu usanaumitsitse, ndi maphunziro ofunika kuposa tsiku la zolankhulalankhula.

Kasungu ali ndi mwayi wina. Nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, yoposa masikweya kilomita 2,300, ndi yachiwiri kukula m'Malawi, ndipo mu 2022 inalandira njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Kumeneko mwana angaone miombo yokhwima yomwe agogo ake ankaiona pakhomo. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likuthandiza makalabu a zachilengedwe m'sukulu kwa zaka zambiri, ndipo wokonda ntchitoyi angadzapitirize ku koleji ya zankhalango ku Chongoni, m'boma la Dedza.

Malawi inalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030. Odzagwira ntchitoyo ali m'kalasi lero. Mafumu ndi makomiti a sukulu a kwa Njombwa apatule kamalo kokhala ndi zitsa zamoyo pafupi ndi sukulu iliyonse, ndipo alangizi a zankhalango azifikako kukaphunzitsa limodzi ndi aphunzitsi.