Mukavulala pa ntchito: chipukutamisozi ndi ufulu wanu

M'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ngakhale pa zomangamanga m'mizinda yathu, anthu amavulala ali pa ntchito. Wina makina amudula chala, wina wagwa pamakwerero, wina mankhwala amupsereza maso. Ambiri akalandira kangachepe kolipirira kuchipatala amathokoza abwana n'kukhala chete, osadziwa kuti lamulo lidawaikira zochuluka kuposa pamenepo.

Lamulo loona za chipukutamisozi cha ogwira ntchito m'Malawi ndi la chaka cha 2000, ndipo amaliyang'anira ndi a Unduna wa Zantchito kudzera mwa Komishonala woona za chipukutamisozi. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: munthu akavulala, akadwala matenda obwera chifukwa cha ntchito yake, kapena akamwalira ali pa ntchito, wolemba ntchito ndiye ayenera kulipira. Wovulalayo safunika kuonetsa kuti bwana adalakwitsa. Chofunika n'chakuti ngoziyo idachitika chifukwa cha ntchito komanso m'kati mwa ntchito. Amene wadzivulaza mwadala sapindula ndi lamuloli, ndipo silikhudza asilikali, odzilemba okha ntchito ndi aganyu wapatalipatali wosakhudzana ndi bizinesi ya wowalembayo.

Zimene wovulala amalandira zimatengera kukula kwa vuto lake. Choyamba ndi chithandizo cha mankhwala: ndalama zoyenera zolipirira kuchipatala amapereka ndi wolemba ntchito. Pa nthawi imene munthu sangathe kugwira ntchito koma akuyembekezeka kuchira, amalandira gawo la malipiro ake. Akalumala kotheratu moti sadzagwiranso ntchito, amapatsidwa ndalama zofanana ndi malipiro a miyezi 54. Akamwalira, amene ankamudalira amalandira malipiro a miyezi 42.

Anthu ambiri amakhala pakati: achira, koma chiwalo china chatayika kapena chafooka. Apa mpamene dokotala amayeza kulumalako n'kulemba maperesenti ake. Tiyerekeze kuti wina amalandira K150,000 pamwezi. Malipiro a miyezi 54 ndi K8,100,000. Ngati dokotala wapeza kuti walumala ndi maperesenti 30, chipukutamisozi chake chikhala K2,430,000. N'chifukwa chake lipoti la dokotala ndi pepala lofunika kwambiri pa nkhani yonseyi, ndipo malipiro amene alembedwa pafomu yopemphera chipukutamisozi ayenera kukhala enieni.

Ngozi ikachitika, dziwitsani kapitawo kapena abwana tsiku lomwelo, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa. Pitani kuchipatala, mufotokoze momveka kuti mwavulala pa ntchito, ndipo musunge buku lanu lakuchipatala pamodzi ndi malisiti onse. Lembani maina a anzanu amene adaona ngoziyo. Wolemba ntchito ali ndi udindo wokanena ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Akamazengereza, pitani nokha kapena tumani m'bale, chifukwa lamulo lidaika malire a nthawi yoperekera dandaulo. Akuluakulu a ku ofesiyi amaunika nkhaniyo, amawerengetsa ndalamazo potengera lipoti la dokotala, kenako amauza wolemba ntchito zoti alipire. Musasaine pepala lililonse lonena kuti nkhani yatha musanamve kuwerengetsa kwa ofesiyi. Ngati ngozi idabwera chifukwa cha kusasamala kwa wolemba ntchito, monga kusiya makina opanda chotchingira, njira ya kukhoti ilinso yotsegula, ndipo ndi bwino kufunsa loya kapena bungwe lanu la ogwira ntchito.

Nanunso olemba ntchito lamuloli likukukhudzani kwambiri. Lidakonza zoti pakhale thumba limodzi loti olemba ntchito azisonkhamo, koma kwa zaka zambiri wolemba ntchito aliyense wakhala akusenza yekha mtolo wa antchito ake. Ngozi imodzi yaikulu ikhoza kugwetsa bizinesi yaing'ono, n'chifukwa chake n'kwanzeru kugula inshuwalansi yoteteza antchito. Ndalama yogulira inshuwalansiyi ndi ya bizinesi, si yodula pa malipiro a wantchito. Sungani kaundula wa malipiro ndi wa ngozi, phunzitsani antchito atsopano kagwiritsidwe ka makina, ndipo apatseni zipewa, magolovesi ndi nsapato zodzitetezera monga likunenera lamulo la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito la 1997.

Ndalama sizingabwezeretse mkono kapena moyo wa munthu, koma zimathandiza kuti ana asaleke sukulu ndiponso kuti banja lisagulitse munda pofuna kusamala wodwala. Ngati mukudziwa mnzanu amene wavulala pa ntchito koma nkhani yake sidalembedwe paliponse, muperekezeni ku ofesi ya zantchito nthawi isanathe.