ZA LITSIRO LOBISALA M'ZIKHADABO

Inu makolo, madzulo ano nsima isanafike pa mphasa, itanani ana anu atambasule manja, ndipo muyang'ane kunsonga kwa zala zao. Kawirikawiri mudzaona kamzere kakuda pansi pa chikhadabo chiri chonse. Ambiri amati ndi dothi chabe la kumunda, losapha munthu. Koma asing'anga a ku chipatala akapala litsiro limenelo, naliika pa galasi lao lokulitsa zinthu, apezamo tizirombo tosawerengeka, ndipo nthawi zina mazira a njoka za m'mimba.

Taganizani nchito zimene dzanja ligwira kuyambira mamawa. Ligwira khasu, liwola manyowa m'khola, lipukuta mwana wodziipitsira, likanda pamene payabwa. Pa nchito iri yonse chikhadabo chitapako pang'ono ndi kusunga m'kamphako kache, mofunda ndi monyowa, m'mene tizirombo tikonda kuswana. Pambuyo pache dzanja lomwelo litema mbamu, liisunsa m'ndiwo, ndi kupita nayo kukamwa. Ngakhale mwasamba, madzi ongotsukuluza safika m'kamphako kaja.

Mverani za njoka ziwiri. Yoyamba ndiyo yaikuru ija, yotalika kufikira masentimita 35. Yaikazi imodzi iikira mazira ngati 200,000 pa tsiku. Mazirawo atuluka ndi chimbudzi, ndipo kumene anthu adzithandizira kuthengo akhala amoyo m'dothi zaka zingapo. Mwana akamaumba ng'ombe zadothi pamenepo, awatenga m'zikhadabo nawameza. Njoka zikakula m'matumbo zilanda chakudya chache: mwanayo adya koma sanenepa, mimba itupa, ndipo ku sukulu angosinza.

Yachiwiri ndi kanjoka koyera, kakang'ono ngati ulusi. Usiku kakakazi katuluka kukaikira mazira kunja, pa malo otulukira chimbudzi. Mwana amva kuyabwa nadzikanda ali m'tulo, mazira namamatira m'zikhadabo. Kukacha awamezanso yekha, kapena apatsira abale ache amene adya naye mbale imodzi. Ndicho chifukwa chache mai adabwa kuti mwana anamwa mankhwala, koma patapita milungu yowerengeka tinjoka tabweranso. Mankhwala anapha za m'mimba, koma mbeu yache inatsala kuzala.

Tizirombo ta kamwazi, ta kutsegula m'mimba ndi ta kolera tiyendanso njira yomweyi, kuchokera kuchimbudzi kupita kukamwa. Tikumbukire kuti kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Madzi oipa ndiwo anatsogola, koma manja osasamba anathandizira kumlowetsa m'nyumba.

Tsono tichitenji? Chikhadabo chikula ngati mamilimita 3 pa mwezi, chotero sankhani tsiku limodzi pa mlungu, monga Loweruka, lowenga zikhadabo za onse a m'nyumba. Muwenge pafupi, koma osafika pa mnofu, kuopa chironda. Lumo likhale loyera, ndipo limene lacheka munthu wina lisagwire wina, pakuti matenda ena ayenda m'magazi. Ana aletsedwe kuluma zikhadabo ndi mano, chifukwa kutero ndiko kudya litsiro lomwe tirikulithawa.

Posamba m'manja pakani sopo, ndipo akasowa tengani phulusa. Pekesani nsonga za zala m'chikhato cha dzanja linalo kufikira chakuda chonse chituluke. Chitani ichi pochokera ku chimbudzi, mutapukuta mwana, musanaphike ndi musanadye. Lekaninso mwambo wosambira nonse m'mbale imodzi, pakuti wotsiriza, amene kawirikawiri ndiye mwana wamng'ono, asamba litsiro la onse. Wina atunge madzi m'chikho, azithirira anzache mmodzimmodzi.

Akuru anati m'mera mpoyamba. Mwana wozolowera kuonetsa zala zache kwa amache asanadye adzatero ndi ana achenso. Yambani Loweruka likudzali, ndipo inu atate muyambe ndinu kutambasula manja.